Kadontho ka Amama

Nditabwelako ku Kanada ndinamanga nyumba ku Petauke, chipinda cha amama ndikuchiika kotulukila dzuwa. Iwo anakana kuchoka ku Mwape, kumene akhala pakati pa mabanja ochokela ku Mozambique chimwalilile atate.

Ine ndi mlongo wanga Ezelina tinali pa Kacholola, kudikila lole yokatenga katundu wawo, afune asafune. Ndinakhala, ndinaimilila, ndinakhalanso. Kacholola wa ubwana wanga ankanunkhila chimanga chootcha. Walelo ndi fumbi ndi nyimbo za m'mafoni.

Ndinatsegula kompyuta. Alimi a kopaletivi ya dela lathu, kuphatikizapo amama, anali atandilola kuona amene amaimbilana naye foni, kuti uthenga wa mbozi za m'chimanga uzifika msanga. Pulogalamu yanga imaona nambala iliyonse ngati kadontho, kuimbilana ngati ulusi. Kadontho kamakankhidwila ku gulu kumene kali ndi ulusi wambili, gulu lonse limamangidwa kukhala dontho limodzi, ntchito ikuyambanso. Kunja kuja inkagawa mzinda wathunthu tiyi asanazizile.

"Ndiwaonetsa amama kuti anthu awo ali ku Petauke," ndinatelo.

"Onetsani ine poyamba, a Kanada," anatelo Ezelina, akusenda nthochi.

Kadontho ka amama kanali pakati penipeni pa gulu la Mwape. Ndinabweleza. Chimodzimodzi. Ndinakafufuta kuti ndione, ndipo gulu linang'ambika pawili: Ansenga uku, a ku Mozambique uko.

"Mwadabwa?" anatelo Ezelina. "Malilo akagwa kwa a Kalisto a ku Mozambique, amauza tsidya linalo ndani? Nanga inu muli pati?"

Nambala yanga inalimo, poti nanenso ndinalembetsa ku kopaletivi. Tinaifunafuna mpaka m'mphepete. Inali kulendewela pa ulusi umodzi, wopita kwa Ezelina.

"Mwaona? Amama simuwaimbila. Mumatuma ine, ngati ndine mesenjala wa boma. Ndiye mukawatsekele m'nyumba ya matailosi, azikacheza ndi filiji?"

Lole inafika, dalaivala akuliza hutala. Ndinabwezela kadontho kaja pamalo pake, gulu likulumikizananso.

"Bambo, katundu ndi wambili?" anafunsa dalaivala.

"Kulibe katundu. Mungokatitula ku Mwape, mailo m'mawa mudzatitenge."

Titakwela ndinaimba foni. Inalila nthawi yaitali.

"Ndani?" anafunsa amama.

"Ndine Godwin, amama. Ndabwela kudzagona."