Mlembi wa Che Mbaraka

Julius Kamwendo anafika pokwerera basi pa Park Station atanyamula sutikesi yomwe sinali yake. Mwini wake, Che Mbaraka, ankabwera pambuyo pang'onopang'ono akutsamira ndodo. Unali mwezi wa Meyi, 1993, mphepo ya ku Joni itayamba kuluma makutu. Kumudzi kunali kutatsala milungu itatu kuti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, ndipo mkuluyo anali atanenetsa kuti apita, ngakhale dzina lake silinali m'kaundula. Ankangofuna kukaona mzere wa ovota ndi maso ake.

Che Mbaraka anali khansala kwawo ku Mangochi mpaka 1974, pamene anafunsa funso lina pamsonkhano, n'kuthawa mawa lake. Ku Joni ankalondera nyumba yosungiramo katundu ku Marlboro. Lamulungu lililonse Amalawi ogwira ntchito m'magadeni ndi m'makhitchini, Asilamu ndi Akhristu omwe, ankakumana kuseri kwa nyumbayo kukambirana za maliro, za osowa ntchito ndi za ogwidwa ndi apolisi. Iye ndiye anali wapampando, koma chaka chilichonse ankaumirira kuti anthu akweze manja amusankhenso, ngakhale popanda wopikisana naye.

Anali ndi mawu ake omwe anthu ankapita nawo kuntchito. "Boma ndi wantchito wa panyumba ngati inu ndi ine," ankatero. "Mukaliona likugona pabedi la eni nyumba, muzilifunsa." Ankanenanso kuti pamsonkhano woyamba kulankhula azikhala amene wabwera dzulo, komanso kuti bata la anthu amantha si mtendere, poti kumanda nakonso kumakhala zii.

Mawu onsewa Julius ankawalemba, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri anthu ankamuyamikira ngati mlembi wakhama. Sankadziwa kuti asanachoke kwawo, amuna awiri a mu ofesi ina ku Lilongwe anamupatsa pasipoti atamutchulira mayina a mkazi wake Esime ndi ana awo atatu, mmodzimmodzi, n'kumuuza zoti azikachita. Mwezi uliwonse ankakopera mawu a mkuluyo m'kachipinda kake ku Randburg, komwe ankasamalira maluwa a mzungu, n'kuwatumiza ku adilesi yomwe anapatsidwa. Poyamba ankalemba mosalabadira. Kenako mawuwo anayamba kumutsatira kumunda. Anaphunzira kufunsa bwana wake chifukwa chomubisira tsiku lopuma, ndipo Esime ankati makalata ake akumveka ngati a munthu wina. Koma makalata enawo sanasiye kutumiza. Ankaopa.

Tsopano basi yodzera ku Harare ndi ku Tete inali itaima patsogolo pawo, ndipo pachipata cha Mwanza panali anthu odziwa chilichonse chomwe mkuluyu analankhula. Julius anaika sutikesi pansi.

"Abambo, musakwere," anatero. "Akukudikirani. Ndine ndakhala ndikuwalembera."

Anafotokoza zonse maso ali pansi, akudikira kuti ndodo ija imutere pamsana. Che Mbaraka anangokhala pa sutikesi n'kupumira m'mwamba, ngati munthu amene watula katundu.

"Ndinadziwa Lamulungu lako lachiwiri, mwananga. Munthu wa gadeni wotani wolemba mpaka tsiku ndi ola? Nchifukwa chake ndinkalankhula pang'onopang'ono, kuti usaphonye." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inauma. "Ndiuze chinthu chimodzi. Unawapatsako dzina la munthu wina?"

Julius anati ayi, ankalemba mawu a wapampando okha. Atafunsidwa za ena ankayankha kuti sawadziwa bwino. Mkuluyo anafunsanso ngati anaonjezerapo bodza kuti awasangalatse, iye anakana.

"Ndiye zomwe awerengazo ndi zanga ndithu. Ndikazivomera."

Julius anagwada pakati pa anthu ndi zikwama, misozi ikutsika. Che Mbaraka anamudzutsa, nati iye wakhululuka kale, koma panali anthu ena omwe anakhala naye benchi imodzi osadziwa, ndipo m'malo mwa amenewo sangakhululuke. Julius anayenera kukawauza yekha. Basi itanyamuka ndi mkuluyo, Julius anaima pomwepo mpaka utsi wake unatha.

Lamulungu lotsatira anaimirira kuseri kwa nyumba ya katundu ija n'kuulula. Panali anthu makumi awiri ndi asanu. Binali, kalipentala wa ku Machinga amene mchimwene wake anasowera m'ndende, ananyamuka atakunga chibakera, akutukwana m'Chizulu, mpaka amuna awiri anachita kumugwira. Ena ankati amuthamangitse, ena ankati amutumize kwa anyamata a ku Alexandra akathane naye.

Amene anawakhazika pansi anali Mayi Habiba, wochapa zovala ku Randburg, amene sankalankhulalankhula. Anati pamalo pano sipanagamulidwepo nkhani ndi phokoso, choncho aliyense anene zake, kenako akweze manja. Analankhula onse, mpaka dzuwa linapendeka. Julius anamva mawu owawa ambiri. Manja atakwezedwa, khumi ndi anayi anati akhale, khumi ndi mmodzi anati achoke. Binali anali mwa ofuna kuti achoke, ndipo anatuluka osatsanzika.

Mu Julayi munabwera kalata yochokera ku Mangochi. Che Mbaraka anamusunga masiku anayi pachipata, akumuwerengera mawu ake, iye akuvomera limodzilimodzi, kenako anamumasula. Mzere anauona. Unali wautali kuyambira pasukulu mpaka kumsika, ndipo mlongo wake, amene anamusiya ali mtsikana, anaimamo ndi adzukulu. Julius anapita ndi kalatayo kumsonkhano, koma anaipereka kwa Mayi Habiba kuti asankhe woiwerenga, iye n'kukaima kumbuyo, pafupi ndi mpanda.

Binali anali atabweranso tsikulo, koyamba chichokereni. Anamvetsera kalata yonse mutu uli pansi. Itatha, anasendera kumapeto kwa benchi osayang'ana munthu, n'kusiya malo okwana munthu mmodzi. Julius anayenda mwakachetechete, nakhalapo. Thabwalo linali likadali lofunda.