Adzukulu a ku Barking

Marjorie ankatsuka makapu, poti ku London namfedwa amadzitsukira yekha, pamene alamu ake a Biswick, ongofika kumene kuchokera ku Zomba, anafunsa kuti manda a Edgar, malemu mwamuna wa Marjorie, adzakwirira ndani.

"Makina, alamu. Kuno zimenezo amapanga a khonsolo."

A Biswick sanagwirizane nazo. Zoti mng'ono wawo aikidwe kuno anali atazimeza kale, ngakhale zinali zowawa, koma kumukwirira ndi thirakita ngati payipi ya madzi, ayi. Kumudzi munthu amaikidwa ndi adzukulu, anatero, anthu oti si abale ake koma amam'dziwa. Nanga zaka zonse zija, kuphunzitsa mpira pa koleji ya ku Barking, mu London momwemo, mpaka kukhala mkulu wa ligi, Edgar sanapeze anthu?

Funsolo linamubaya Marjorie. Maluwa ochokera ku ligi anali mbwee m'nyumba, koma maluwa sagwira fosholo. Iyenso anali ndi kachidandaulo kake: Loweruka lililonse mwamuna wake ankalipereka kwa ana a eni, iye n'kumadya yekha. Anauza mwana wake Fiona kuti atumize uthenga kwa osewera akale. Sanayembekezere zambiri, chifukwa kuno munthu sajomba kuntchito kaamba ka maliro a mphunzitsi.

Tsiku loika maliro, abusa atangoti ameni, kumbuyo kunatuluka osewera akale aja, tsopano azibambo a mimba zawo, ena a dazi, wina ali mu yunifolomu ya madalaivala a basi. Anavula majekete n'kuyamba kulandirana mafosholo. Woyendetsa makina anazimitsa injini. A Biswick, amene m'mawa wonse anali ndwii, anayamba kuwalangiza ngati anthu akwawo.

Manda atadzaza, azibambowo sanachoke. Anatola zigamba za kapinga zimene okumba anaziunjika pambali, n'kumazibwezera chimodzichimodzi, akutsindira ndi zidendene.

"Zisiyeni, mwatopa," Marjorie anauza mmodzi wa iwo, Tyrone, amene kale anali goloboyi.

Tyrone, wa mayi a ku Lusaka, anayankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Kochi sanali kutilola kuchoka pa giraundi tisanakonze pamene taononga, mami. Olo tawina, olo taluza."

Marjorie anathokoza mumtima, ndipo chidandaulo chija chinamuthera pomwepo. Anapatsa Fiona chikwama, n'kukatsindira nawo kachigamba kotsala ndi nsapato yake ya kutchalitchi.