Moto Wochokera M'munda mwa Elifala

Elifala anayatsa mulu wa mapesi n'kubwerera kukasosa mbali ina ya munda. Linali Lachinayi, mwezi wa Seputembala, ndipo mudzi wonse unali kumaliro kutsidya kwa dambo. Iye anali atakapepesa m'mamawa n'kuzembako, poti ntchito ya kumunda inali itamutsalira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mphepo inatembenuka mwadzidzidzi kuchokera kuphiri, moto n'kulumpha malire, n'kugwira tsekera. Elifala anathyola nthambi ya msuku nayamba kuupuntha, koma malawi anali atamupitirira kale msinkhu. Anauona ukutsetsereka kulunjika pakhomo pa a Gideoni, mnansi wake wokalamba. Akanatha kukuwa. Akanatha kuthamangira kumaliro kukaitana anthu. Koma anatola khasu lake n'kudzera njira ya kumtsinje.

Nkhokwe ziwiri za a Gideoni zinapsa, pamodzi ndi khitchini ndi mtedza wa mbewu. Chimanga chinafuka masiku awiri, fungo lake lili ponseponse m'mudzi.

Anthu sanavutike kupeza wolakwa. Wina anati anaona Mayeso chakomweko akukumba mbewa. Mayeso anali bambo wa ana atatu, amene anakhalapo kundende chifukwa cha mbuzi ya eni, ndipo chibwerereni kumeneko, nkhuku ikangosowa maso onse ankaloza kwa iye. Madzulo a tsiku la motolo amuna okwiya anamupeza pachitsime. Pamene oleretsa ankafika, mkono wake wamanja unali utathyoka pawiri.

Elifala palibe anamuganizirako. Ndi iye ankatsogolera mapemphero a mphakati, ndi iyenso ankaitanidwa mabanja akayambana. Lamulungu anthu atapangana zosonkhera a Gideoni chakudya, iye anapereka matumba awiri a chimanga, amayi n'kumuimbira nthungululu.

Kunyumba mkazi wake Lines sanasangalale nawo.

"Bambo a Chifundo, malaya anu a Lachinayi aja ndachapa," anatero akusankha nyemba palichero, osadzutsa mutu. "Mkono umodzi ndi wowauka."

"Ndimatentha mapesi. Alipo amene satentha?"

"Ine sindinafunse kanthu. Kungoti mkazi wa Mayeso ndakumana naye kuchigayo. Akuti adokotala anena kuti mkono wa mwamuna wake uja mwina sudzagwiranso khasu."

Elifala anayesa kudzitonthoza. Moto sanautume. Chimanga wapereka. Amene anam'menya Mayeso si iye. Koma akati atsegule Baibulo, mawu ankangosakanikirana. Lachitatu anakwera njinga, shuga ndi mabanzi atamangirira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala ku Mtengowanthenga.

Anamupeza Mayeso atakhala panja pa wodi akuwothera dzuwa, mkono uli m'chikhakha.

"Mwabwera, a Elifala. Khalani apa." Anasendera pabenchi. "Tsiku lija ndinali pachulu chakumtunda kwa munda wanu. Ndinakuonani mukuupuntha ndi nthambi. Munayesetsa ndithu."

Elifala anakhala pabenchipo. "Ndiye unandiona? Nanga bwanji sunanene?"

Mayeso anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndinanena. Dzina lanu ndinalitchula kawiri. Ndi pamene anatola mpini, ati ndikunyoza munthu wa Mulungu."

Panadutsa namwino akukankha kangolo ka mankhwala. Elifala anayang'ana jumbo ya mabanzi ili pamiyendo pake, manyazi n'kumugwira kuti aipereke. Zaka zonsezi ankanyadira mbiri yake yabwino, osadziwa kuti tsiku lina idzathyola fupa la munthu.

"Ine sindikukupemphani kanthu," anapitiriza Mayeso. "Ndinaba mbuzi, ndinalipira. Koma ana anga kusukulu akuwatchula kuti ana a wotentha nkhokwe. Chimenecho ndiye chikundiwawa kuposa mkonowu."

Pobwerera njinga ankangoikankha, ngakhale potsetsereka. Sanalowere kwawo. Anapeza a Gideoni akusema mitengo ya nkhokwe yatsopano, pafupi ndi phulusa la zakale zija. Anagwada patali pang'ono nanena zonse, osasiyako ngakhale za njira ya kumtsinje.

A Gideoni anaika nkhwangwa pansi.

"Chimanga n'chimanga, tidzalima china," anatero. "Koma amene anatola mpini uja ndi mwana wanga Danieli. Inu munali chete, iye akuyesa kuti akulangira bambo ake. Mwamusenzetsa chiyani mwana wanga?"

A Gideoni anatolanso nkhwangwa ija.

"Musandiuze ndekha nkhaniyi. Mayeso sanamenyedwere m'nyumba. Mukainene pamene anakuimbirani nthungululu."

Lamulungu mapemphero atatha, Elifala anaimirira pamaso pa anthu n'kuinena. Panalibe wokuwa kapena wotukwana. Amuna amene anali pachitsime aja anangozyolika, ndipo Danieli anatuluka asanamalize kumva. Sabata yotsatira mapemphero anatsogolera munthu wina.

Mayeso anatuluka m'chipatala mkono uli wokhota, zala ziwiri zosapindika. Madzi akatayika saoleka.

Mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Dowa, Elifala ankalawirira kumunda kwa Mayeso kukaunda mizere, wake usanathe. Odutsa pamsewu ena ankamupatsa moni, ena ankayang'ana kumbali. Mkazi wa Mayeso sanamulankhulepo chichitikireni zija. Koma tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, anatulukira ndi chikho cha madzi, nachikhazika pamzere womaliza, n'kubwerera osacheuka.

Elifala anamaliza kaye mzere umene anali atauyamba.