Cholembera Chonenepa

"Alamu, musavutike nazo, ndisayinira ine," anatero a Hamilton, mng'ono wa malemu, akukokera mapepala kumbali yawo.

Agatha anangoyang'ana manja ake. Nyamakazi inali itapinda zala zake kwa zaka zitatu, moti cholembera chinkamupulumuka ngati sopo. Nthawi yonseyo ankamulembera ndi mwamuna wake Goodwill, yemwe anamwalira Lachiwiri. Pepala lololeza kuti thupi likwere ndege kupita ku Malawi linkafunika Lolemba, ndipo zinkamuwawa kuti munthu amene anakhala naye zaka makumi atatu apite kwawo ndi dzina la mng'ono wake papepala, mkazi wake alipo.

"Lolembalo lifike kaye, alamu," anayankha.

Loweruka m'mawa anatsikira kukashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, a Hamilton akufuna kuona zoti zigulitsidwe. Goodwill akaweruka koyendetsa basi ankathera m'menemo, kusema zolembera zamatabwa pamakina. Kutchalitchi kunalibe amene anamuzemba, ngakhale osakonda kulemba anali nazo ziwiriziwiri.

Pabenchi panali kachidutswa ka mlombwa konenepa, kobooledwa kale, chubu chamkuwa chitamatidwa m'kati. Ndapile, mwana wawo amene anaphunzira ntchitoyi kwa bambo ake, anakalowetsa pa mandelo, kachitsulo katali kamene kamagwira thabwa likamazungulira. Kanangoti khwekhwerere.

"Mum, chubuchi n'chachikulu. Mandelo iyi ndi ya seveni milimita, ya zolembera zowonda. Ndikayatsa chonchi thabwali ling'aluka."

"Matenda anali atamusokoneza achimwene," anatero a Hamilton mwachisoni. "Anangoboola molakwika."

"Dad? Kulakwitsa muyezo? Never."

Ndapile anayamba kusanthula pansi pa benchi. Sanapeze mandelo ina, koma anatulutsa ambulera yobiriwira. Agatha anagwira pakamwa. Ambulera yakeyi inasowa mwezi wa Malichi, ndipo anavumbwa ndi mvula ya Glasgow sabata zingapo, akumuganizira Fanny wa m'kwaya kuti ndiye anaitenga. Goodwill ankangopukusa mutu, amvekere anthu a masiku ano alibe manyazi.

Pachigwiriro chake panali tepi yolembedwa ndi pensulo: muyezo wa kunenepa kwake, ndi timizere titatu pamene zala za Agatha zinkakhala. M'nyumba monse, chigwiriro chimenecho n'chokhacho chimene dzanja lake linkagwira osamva ululu.

Ndapile anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kapaselo kamene kanafika Lachinayi n'kukwiririka ndi makadi achipepeso. M'katimo munali mandelo yokulirapo ndi mabushi ake, timphete topanira thabwa. Tsiku loitanitsa linali Lamlungu lapitalo, Goodwill ali pabedi kuchipatala.

A Hamilton anavula jekete n'kuyamba kusesa pansi.

Chubu chinalowa ndendende. Makina analira masana onse, Ndapile akusema pang'ono, kuzimitsa, kuyeza pa ambulera, kuyatsanso. Agatha anakhala pampando wa mwamuna wake, utuchi wofiira ukugwera pachitenje chake chakuda. Analira, koma mumtima munadzaza kuthokoza, chifukwa munthu uja anali akumuganizirabe mpweya ukumuthera.

Lolemba ku ofesi ya osunga maliro, mayi wa pakauntala anamupatsa cholembera cha pulasitiki.

"Zikomo, ndili nacho changa," anatero Agatha.

Chinali chonenepa ngati chinangwa, chosakongola kwenikweni, koma zala zopindika zija zinakhazikika pamalo ake. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zikupendekeka, mpaka dzina lonse linatha. A Hamilton anayang'ana kumbali, akupukuta magalasi amene sanade.

Agatha anasisita thabwalo ndi chala chachikulu, kenako anaweramira papepala lija.

"Pita bwino kwanu, wakuba maambulera iwe," ananong'ona.