Manda a Mlendo Wothawa Chibalo

Mlendo wina anamwalira m'mamawa pakhonde pa a Fabiano, kufupi ndi ku Nzama. Anafika dzana lake, mapazi ali zilonda zokhazokha, akuthawa chibalo kwa Apwitikizi. Chimene anasiya ndi dzina lokha: Lazaro. Mayi Rute, akazi a a Fabiano, anamupatsa phala ndi mphasa, koma chifuwa chinali chitamudya kale.

Dzuwa linkakwera, mtembo uli pompo. A Fabiano anakhala pansi, nadzuka, nazungulira nkhokwe, nabwereranso. Iwowo ndi amene ankatsogolera adzukulu okumba manda, koma tsiku limenelo mdzukulu aliyense anali ndi chifukwa chokanira. Uyu msana wamugwira, uyu mbatata zikuola kudimba.

"Bambo, munthuyu agona pakhonde mpaka liti?" anafunsa Mayi Rute.

"Manda athu ndi a mbumba yathu," anayankha a Fabiano. "Munthu wosadziwika chiwongo timugoneka pafupi ndi ndani? Tingomukwirira kuthengo."

Mawu amenewa anawamva a Dyton, neba wawo, amene anabwera wotsimphina kuchokera ku migodi ya ku Joni.

"A Fabiano, mng'ono wanu Kizito anagona kuti?"

"Ku Joni. Mukudziwa."

"Anamuika ndani?"

Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitapita, a Fabiano osalifunsa funso limenelo, poopa yankho lake.

"Ine ndinalipo," anatero a Dyton. "Mgodi utagumuka n'kupha Kizito, a ku Nyasalande tinatsala awiri okha. Bwana anati ntchito ipitirire. Msuthu wina anaponya fosholo pansi, Ashangani ndi Axhosa namutsatira. Anakumba manda, namufunditsa bulangete la Msuthu uja, naimba nyimbo zakwawo. Palibe anafunsa chiwongo chake. Anangoti, 'Uyu ndi wathu, fumbi tinkameza limodzi.' Nanga Lazaro? Malire otilekanitsa ndi kwawo anajambula ndi azungu papepala. Chikwapu chimene ankathawa, ife sitichidziwa?"

A Fabiano anagwidwa manyazi, misozi ili lengelenge. Analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu paphewa. Adzukulu atawaona akulunjika kumanda, misana yonse inachira mwadzidzidzi.

"Tikumbe pati?" anafunsa mmodzi.

A Fabiano analoza malo amene anakhala opanda kanthu zaka zonsezi, pafupi ndi manda a mayi awo.

"Apa, pamene akadagona Kizito."

Mayi Rute anapereka nsalu yawo yopitira kutchalitchi, ndipo Lazaro anaikidwa dzuwa lisanapendeke, ndi nyimbo, ngati mwana wa pamudzi.

Uthenga wake ndi uwu: ife Aafirika ndife amodzi. Mlendo wothawa nkhanza tisamufunse mtundu tisanamuthandize, pakuti athu ali kutali akusungidwanso ndi anthu amene sitikuwadziwa.