Fupa la Ulyana Lagwira Msanga

Kuchipatala cha mumzinda wa Kurgan anamupatsa Rufina zinthu ziwiri zoti apite nazo kumudzi: mwana wake Ulyana, mwendo wamanzere uli m'kati mwa mphete zachitsulo, ndi kasipanala kochepa ngati supuni ya tiyi.

Ulyana anabadwa ndi mwendo umodzi waufupi. Pofika zaka zisanu ndi zinayi, nsapato yake yamanzere inali ndi chidendene chonga njerwa, ndipo anzake kusukulu ankamuyeseza kayendedwe. Madokotala anadula fupa la pamsongolo, nabaya mawaya opyoza mnofu ndi fupa lomwe, nawamangirira ku mphetezo. Zotsalazo zinali za mayi.

"Mumvetsetse, a Rufina Pavlovna," anatero dokotala Zoya Markovna, mayi wa imvi amene kunyengerera sankakudziwa. "Fupa likaduka limafuna kulumikizana. Pamene tadulapo payamba kale kumera kanyama kanthete, kodzaza timitsempha ta magazi. Ntchito yanu ndi kulithawitsa kuti lisagwire. Mukapotokola manati awa, mbali ziwiri za fupa zimatalikirana pang'ono, kanyamako kamatamuka, ndipo m'mbali mwake kamauma n'kusanduka fupa. Kanayi pa tsiku, zonse pamodzi milimita imodzi yokha. Mukathamanga, pakati padzatsala mphako. Mukachita ulesi lidzagwira, ndiye kuti tidzadulanso."

Rufina anangogwedeza mutu, koma mawuwo anamulasa. Munthu wokama ng'ombe za eni ake chiyambire utsikana, chisanu kaya dzuwa, wina n'kumamuuza za ulesi.

Masiku oyamba zinayenda. Mwamuna wake Zakhar anakwera sitima kubwerera kumpoto, kumene ankawotcherera mapaipi a gasi, atasiya mawu ake a nthawi zonse akuti, "Umuyang'anire bwino mwanayo." Kulamula sikuvuta munthu ukakhala ndi tikiti m'thumba.

Kenako ululu unafika. Fupa lokha linalibe vuto. Zimene zinkakana ndi mnofu, mitsempha ndi khungu, zomwe palibe anazifunsa ngati zikufuna kutalika. Pamene mawaya analowera panafiira n'kuyamba kuchucha. Ulyana anasiya kudya. Akangoona sipanala ankakwawira kuseri kwa ng'anjo yotenthetsera m'nyumba, chitsulo chikukhulika pansi, ndipo Rufina ankachita kumukoka mwana wake yemwe, n'kumupana ndi mawondo. Akamaliza ankatuluka panja n'kukasanzira pachipale chofewa.

Tsiku lina masana atabwerako kokama, mwana sanathawe ndipo sanalire. Anangogwira dzanja la mayi ake.

"Amayi, lero lokha. Chonde."

Lero lokhalo linabala mawa. Poyamba Rufina ankapotokola m'mawa mokha, kenako analekeratu. "Chikhale chinsinsi chathu, Ulya," anatero. "Ukapeza mphamvu tidzabweza zonse." Mwana anayamba kumaliza mbale ya supu wa kabichi n'kupemphanso wina. Anayamba kuseka, kutsimphina mpaka kukhola la nkhuku, masaya n'kubwerera. Rufina akamuona choncho ankati mumtima, madokotalawa ana alibe. Chipale chitatseka msewu wa basi, tsiku lokajambulitsa mwendo n'kudutsa, iye anakondwa, ndipo anachita manyazi ndi kukondwako.

Tsiku limene anaganiza zoyambiranso, nati inalimba. Atakakamiza, waya anapindika, mwana n'kukuwa kukuwa kwachilendo. Rufina anaika sipanala pansi. Sipanafunike dokotala woti amuuze kuti fupa lagwira.

Zakhar atabwera kudzapuma, anawatenga onse awiri kupita ku Kurgan. Zoya Markovna anapachika chithunzi cha mwendo pagalasi lowala n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Apa pamayenera kuoneka ngati utsi, pakati pali kamzere kakuda, kusonyeza kuti pakadali pofewa. Taonani nokha. Payera ponse. Lagwira."

"Ndiye kuti wachira?" anafunsa Zakhar.

"Wachira kumene. Wachira ndi mwendo waufupi. Tiyenera kudulanso." Dokotala anatembenukira kwa Rufina. "Mumapotokola monga ndinakuuzirani?"

Rufina asanatsegule pakamwa, Ulyana anayankha. "Tsiku lililonse, adokotala. Kanayi. Ndimawakumbutsa ndine."

Zoya Markovna anamuyang'ana mwanayo, nayang'ananso chithunzi. "Zimachitika ndithu. Ana ena fupa lawo ndi lachangu, limaipitirira sipanala. Ngati zili choncho, ulendo uno tiwonjezera. Muzikapotokola kasanu ndi kamodzi pa tsiku."

"Magazi a kwathu amenewo," anatero Zakhar, akudzigunda pachifuwa. "Agogo ake anathyoka nthiti Lolemba, Lachisanu ali kotchetcha udzu."

Rufina sanamve zotsalazo. Mnofu umene unakana kanayi, tsopano aukoke kasanu ndi kamodzi, chifukwa cha bodza la mwana wofuna kuteteza mayi ake. Anayang'ana zibakera za Zakhar zili pamawondo. Anayang'ana Ulyana, amene anali kumupenyetsetsa, akupukusa mutu pang'ono kuti ena asaone. Komabe analankhula.

"Fupa lake ndi ngati la wina aliyense, a Zoya Markovna. Ndinasiya ndine. Amalira kwambiri."

Zakhar anayamba ndi kuseka, kuseka kopanda mano.

"Ine ndikuuma ndi chisanu kumpoto kuja, iwe kantchito kamodzi komweka kakukanika? Ng'ombe za eni ake sunaziphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Koma mwana wako wobala wekha, ameneyo ndiye wati akamuthyolenso?"

"Zakwana, a Zakhar Ilyich," anatero dokotala. "Inu sipanalayi simunaigwirepo mwana akukulirirani m'maso."

Rufina anayesa wapeza womuimira. Anapeza woweruza. Zoya Markovna anachotsa chithunzi pagalasi, ndipo polankhula sanakweze mawu.

"Mwachita bwino kunena. Tibwerera pa kanayi pomwepo. Koma kunyumba sapitanso. Akhala muno mpaka titamaliza kukoka, azimupotokola anamwino. Si inu woyamba, mayi, ndipo ndikudziwa mmene zimathera ndikakubwezerani mwana."

"Mpaka liti?"

"Chipale chikadzasungunuka, mwina. Muzibwera Lamulungu."

Lamulungu lake liti, basi yoyenda ikafuna, ng'ombe zosadziwa kuti kuli Lamulungu? Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma nkhwaliyo inafa yokha. Apa wokagona pansi pa mpeni anali wina.

Zakhar anatuluka kukasuta ndipo sanabwerenso m'katimo. Namwino anawatsogolera kuchipinda cha ana, mmene munali mabedi odzaza timiyendo ndi timikono ta m'zitsulo. Rufina anamuvula mwana buluku limene anamusokera yekha, la mabatani m'mbali kuti lizidutsa pamphete, nalipinda, nalipindanso. Ulyana anagona atayang'ana kukhoma.

"Ulya, mwana wanga."

Mwana sanatembenuke. "Ine ndinanama chifukwa cha inu. Inu zinakuvutani chiyani kungokhala chete?"

"Akanakuwonjezera, Ulya. Bwenzi ukumva kupweteka koposa kuja."

"Akanandipweteka ndani? Sipanala ikanakhala ndi inu."

Rufina anafuna kunena kuti ulendo uno akanalimba mtima, akanamupana ndi mawondo ngakhale alire chotani. Mawu anafika pamilomo. Anayang'ana kakhosi kowonda ka mwana wake, ndipo anawameza, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti linali bodza.

Namwino anamukhudza paphewa. "Mayi, nthawi yoona odwala yatha. Asadye kanthu kuyambira pano, mawa m'mawa akulowa kokadulidwa fupa."