Kacheka Nambala Faivi

Pakhomo pa shopu yawo panali chikwangwani chakuti KALIPENTALA WAMKULU. Anachilemba okha, ndipo popeza mumsewu monsemo munalibe kalipentala wina woti n'kukhala wamng'ono, palibe anatsutsa.

Mwana wawo wamkazi anali woyembekezera, masiku atayandikira. Bamboyo anali atalengeza pamaso pa banja lonse, ataimirira, kuti mdzukulu wawo woyamba sadzagona pa kabedi kogula. Kabediko anakapanga ndithu. Linatsala ndi thabwa lakumutu, lomwe anajambulapo mbalame ziwiri zili pa nthambi, zoti azidule mobowola kuti kuwala kuzidutsa. Thabwalo linali chitseko cha kabati yakale imene iwo ndi akazi awo anayamba nayo banja. Likanang'aluka, linalibe linzake.

Ntchito yotere imafuna makina a kacheka kowonda ngati ulusi, kamene kamakwera n'kutsika mofulumira munthu akuyendetsa thabwa ndi manja. Makinawo anali nawo. Vuto linali timachekato. Akayeserera pa zidutswa, kalikonse kankangoyenda pang'ono n'kuti thyo!

Anavala jekete n'kupita kuhadiweya kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo.

“Alamu, munandigulitsa udzu,” anatero, akuika zidutswa za timacheka patebulo. “Ndipatseni kolimba kuposa tonse.”

“Kodulira chiyani?”

“Thabwa. Mumayesa ndikucheka buledi?”

Mlamuyo anayala timapaketi mwaulemu wa munthu amene akusunga phwete. Anati ka nambala yaing'ono n'kowonda, mano ake ndi ang'onoang'ono, kamakhota paliponse, koma pa thabwa lokhuthala sikachedwa kutentha n'kuduka. Ka nambala yaikulu n'kotakata, kamakhalitsa, koma pokhota kamachita ngati lole m'kanjira.

“Yaikulu kwambiri ndi iti?”

“Thwelofu. Koma alamu, mlomo wa mbalame...”

“Munthu wamkulu sagwira ntchito ndi zoseweretsa. Kulungani.”

Nambala thwelofu sikanathyoke, pamenepo tisawanamizire. Kanadula chidutswa choyeserera mwaukali, kusiya m'mphepete muli zipsepse, ndipo mbalame inatuluka yofanana ndi nsapato. Kalipentala Wamkulu anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiponya pansi pa benchi n'kuikankhira utuchi ndi phazi.

Atabwerera kuhadiweya anati akungodutsa.

“Poti mukungodutsa, dutsani ndi kapaketi aka,” anatero mlamu uja. “Nambala faivi, chitsulo chouma bwino. Taonani mano am'munsiwa ayang'ana m'mwamba, kuti thabwa lisanyotsoke kunsi. Mukakamanga, mukakakhudze ndi chala ngati nsambo ya gitala. Kakalira mokweza kuti ting, ndiye kuti kakungika.”

“Zimenezo ndinazidziwa inu mukuyamwa.”

Kuzidziwa ankazidziwadi. Chimene sankauza munthu n'chakuti kulirako anasiya kalekale kukumva. Phokoso la makina opalira matabwa linali litawadya makutu pang'onopang'ono, ndipo iwo anagamula kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mano. Choncho ankakhudza kachekako ndi chala, n'kupendeka mutu mwaukatswiri, n'kumva zii.

M'mawa mwake foni inabwera yoti mwana wawo wayamba kumva msana. Nthawi yoyeserera inali itatha. Anabowola timabowo pa chitseko cha kabati chija, analowetsa kacheka pa bowo loyamba, anamanga, n'kuyatsa makina. Kachekako kanayamba bwino, koma posakhalitsa kanapindika n'kusiya mzere, kulunjika phiko la mbalame. Anazimitsa msanga, thukuta lili kamukamu. Pakati pa chilondacho ndi phiko panatsala mpata wosakwana chikhadabo.

“Bambo, kachitsulo kanuko n'kolefuka.”

Anali akazi awo, ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi. Mayiwo ankaimba kwaya kuyambira ali mtsikana, ndipo ankatha kudziwa kuti ketulo yatsala pang'ono kuwira ali kuseri kwa nyumba.

“Mwadziwa bwanji, mayi?”

“Ndimakamva ndili kukhitchini. Kena mumakasiya kakulira ngati mphira, kena mumakakunga mpaka kukuwa. Ndikangomva choncho ndimadziwa kuti posachedwa mutukwana achimwene.”

“Nanga osanena bwanji?”

“Ndinanena. Munagwedeza mutu ngati mmene mumagwedezera abusa akamalalikira.”

Kalipentala Wamkulu anatsegula pakamwa kuti afotokoze za zitsulo za masiku ano, maso awo n'kugwera pa thabwa lija. Pakona pake panali pakuonekabe chipsera cha kandulo imene inagwa m'chaka chawo choyamba, magetsi asanalowe m'nyumba. Anatseka pakamwapo. Anakoka ndowa yopanda kanthu, anaivundikira, n'kuipukuta ndi mkono wa jekete.

“Takhalani apa. Ine sindikukamva.”

Mayiwo sanaseke. Anaika kapu pabenchi, n'kukhala pandowapo.

“Kakhudzeni. Ayi, kali pansi. Kungani. Pang'ononso. Eee, mwapitirira, mukufuna kukapha? Bwezani. Apo!”

Kachekako kanalowa m'thabwa ngati singano m'nsalu. Kanazungulira phiko, kanakhota pa mlomo, kanatsata nthambi mpaka kukatsamba komaliza. Pa bowo lililonse ankayenera kumasula n'kumanganso, ndipo nthawi iliyonse bamboyo ankakhudza kacheka n'kuyang'ana nkhope ya akazi awo. Pamene mayiwo anati kulira kwasintha, mano atha, iwo anasintha kacheka osapikisana nawo, chinthu chimene sichinachitikepo m'banjamo. Chilonda chija anachisandutsa kanthambi kowonjezera.

Mdzukulu atafika kunyumba, achibale anadzaza chipinda. Dzuwa linkadutsa m'mapiko a mbalame n'kugwera pa kabulangete. Mkamwini anayamikira, mlamu wa kuhadiweya anafunsa mokweza ngati imeneyi inali ntchito ya nambala thwelofu, ndipo Kalipentala Wamkulu anakonza kukhosi. Onse anakhazikika bwino, podziwa kuti maphunziro ayamba.

“Kachekako anasankha alamu,” anatero. “Makutu anali a mayi awa. Ine ndinangokankha thabwa. Zikomo, nonse awiri.”

M'chipindamo munati zii, moti ngakhale iwo anamva.

“Achemwali, amuna anuwa akudwala?” anafunsa mlamuyo.

“Asiyeni, angasinthe maganizo,” anayankha mayiwo.

Chikwangwani chija chikadalipo, sanafufute chilembo n'chimodzi chomwe. Koma pambali pa makina, pamene panali ndowa, pali mpando watsopano wokhala ndi khushoni ndi poikapo kapu. Makasitomala akafuna kukhalapo, Kalipentala Wamkulu amawaletsa. Amati mpandowo ndi wa akuluakulu.